Batani Lotsalira Kumanzere

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Kodi chifuwa chija chinatheratu? Ukudya mokwanira? Kuno tadzuka bwino. Miyendo ikundinyamulabe. Kuchokera pakhomo kukafika pageti akadali mapazi 38 monga kale, kungoti masiku ano ndimayamba ndapuma pa 20. Mkazi wako ali bwino, ndipo kalatayi ndi yonena za iye.

Kalata yako inafika Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga katatu. Mawu oti "njinga" unawalemba kasanu ndi kawiri, oti "ngozi" kanayi, oti "ndakusowani" kamodzi kokha, koma sindikudandaula. Pempho lako ndalimva. Ukuti mlongo wako anakutumizira chithunzi cha chigongono chosupuka cha mkazi wako, ndiye ukufuna njinga yake ndiitsekere m'chipinda chosungiramo katundu, kiyi ndisunge ine, iye abwerere pabasi. Ndisanakuyankhe, khala pansi. Pali zimene ndakubisira kwa miyezi isanu ndi inayi.

Ukudziwa kuti chinabweretsa njingayo ndi basi. Kudikira ndi kuyenda komwe zinkamudyera ola ndi mphindi 20, n'kukapeza odwala atadzaza kale benchi la kulabu, akudikira kuti awayeze magazi. Tsiku loyamba kupalasa ndinamuuza kuti akafika alize foni yanga kamodzi, ndidziwe kuti ali moyo. Koma munthu amene anaphunzitsa masamu zaka 34 sangamve foni osayang'ana wotchi. Ndinalemba m'kope: mphindi 58. Mawa lake ndinalembanso. Pakutha pa mwezi zinali 51.

Tsiku lina ndinamuonetsa kopelo, ndikuganiza kuti aseka. Anakhala patebulo la kukhitchini chipewa chanjinga chikadali kumutu, n'kumawerenga ngati zotsatira za mayeso. Anafunsa chifukwa chake Lachinayi lililonse amachedwerapo panjira. Ndinamuyankha kuti ndi tsiku limene malole amatsitsa katundu pamsewu wodutsa kumsika. Kenako anandipempha kuti ndisasiye kulemba.

Pakona pa msewu wathu pali wokonza njinga, wamtali, wowonda, amene aliyense amangomutchula kuti Sipoko. Iyeyu ndiye anamuuza kuti kapalasidwe kake ndi ka munthu wothamangitsidwa, ndipo mphamvu zotere n'zosayenera kuthera pamsewu wa tala. Anamufotokozera za mpikisano wa kumapiri, kumene amazungulira kanjira kam'nkhalango kodzaza mizu, miyala ndi matope. Mpongozi wanga anati nthawi yokonzekera alibe. Sipoko anati nthawi ali nayo kawiri pa tsiku, popita kuntchito ndi pobwera.

Ndondomeko yake ndinajambula ndine, ndi rula. Lolemba amapalasa mofatsa. Lachiwiri amadzera kuchitunda cha kuseri kwa thanki yamadzi, amachikwera katatu asanapitirire. Lachitatu n'kupuma ali pachishalo, moti ngakhale wonyamula makatoni amamupitirira. Lachinayi ndi Lachisanu amabwerera njira yafumbi, kuti manja azolowere mabampu. Ndi makilomita 14 kupita, 14 kubwera. Pofika dzulo anali atakwana 4,916. Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwana wanga. Ulendo wa mphindi 58 uja tsopano ndi wa 43.

Sindikunamiza, kugwa wagwa. Katatu. Koyamba chigongono chomwe unaonacho, kachiwiri bondo, kachitatu anagwera m'matope n'kubwera akuseka, ati walira mvula walira matope. Koma ndili ndi chiwerengero china chimene mlongo wako sanachijambule. Unachoka miyezi 14 yapitayo. Miyezi isanu yoyambayo mkazi wako ankasiya chakudya m'mbale masiku anayi pa sabata, ndipo nyumba ino inali zii ngati kalasi ya mayeso. Chiyambireni kupalasa mbale imabwerera yoyera, kuntchito sanachedwepo n'kamodzi komwe, ndipo Loweruka amatsuka tcheni ndi mswachi wakale akuimba.

Tsopano ndifike polapa penipeni. Loweruka la sabata yatha anakapikisana, ndipo ine ndinali konko.

Analipo amayi 19, ndipo anayenera kuzungulira kasanu ndi kamodzi. Iye anandiuza kuti munthu akatopa mutu suwerenganso, choncho ndikakhale pamalo amodzi ndizimuuza maulendo otsala. Ndinatenga mabatani asanu ndi limodzi a jekete lakale la bambo ako, n'kuwaika m'thumba lakumanzere la juzi. Akadutsa, batani limodzi lipite kumanja. Njira yosavuta, yoti mwana wa sitandade wani sangaiphonye. Sipoko anandinyamulira mpando n'kuuika pambali pa mtsetse wa miyala, ati pamenepo ndiye pooneka bwino. Miyalayo ndinaiwerenga, inalipo 11, yotsetsereka ngati masitepe othyoka, ndiponso yonyowa ndi mvula ya m'mawa.

Ukanamuona, mwana wanga. Amaimirira pazopalasira, thupi kumbuyo kwa chishalo, njinga n'kumatsika yokha ngati ikudziwa njira. Kachitatu anali atatsogola. Koma asanadutse kachinayi, mayi wina wotsalira m'mbuyo anaterereka pamwala wachisanu ndi chiwiri n'kugubuduka pamaso panga. Anadzuka bwinobwino, n'kupitiriza. Nthawi yomweyo ndinaona chipewa chobiriwira cha mpongozi wanga chikutulukira pamwamba. Ndinatsinzina. Manja onse awiri anagwira mpando, pakamwa pakupemphera. Potsegula maso anali atadutsa kale, ali bwino, ndipo chifukwa cha chisangalalo sindinakumbuke thumba.

Ndiye podutsa komaliza, ine ndinapisa dzanja kumanzere, n'kusamutsa batani, n'kupeza lina latsalamo. Ndinaimirira n'kukuwa ndi mawu anga onse a m'kalasi:

"Kwatsala kamodzi, mayi! Sunga mphamvu!"

Anali patsogolo ndi masekondi asanu ndi anayi. Anandimvera. Pachitunda chomaliza anafatsa, awiri n'kumupitirira, iye n'kuwaleka, akuti akawagwira ulendo wotsatira. Anadutsa pamzere womalizira ali wachitatu, osaima, n'kulowanso m'nkhalango. Sipoko anamuthamangira akukupiza chipewa, miyendo yake ija ngati makwerero, anthu onse akufa nazo.

Mabataniwo ndinawawerenga katatu, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Zaka 34 ndikuchonga ana a eni ndi cholembera chofiira, lero n'kulephera kufika pa sikisi. Atabwera, matope mpaka m'nsidze, ndinamufunsa ngati sanamve belu limene amaliza posonyeza ulendo womaliza. Anati analimva bwino lomwe, koma anaganiza kuti walakwitsa ndi woliza beluyo, poti amayi salakwa masamu. Apo m'pamene ndinamuululira zonse. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anakhala pansi penipeni n'kuseka mpaka misozi inatsuka mizere iwiri pamasaya. Kenako anati:

"Ndiye kuti munatsinzina chifukwa cha ine, amayi?"

Ndinavomera. Anandigwira dzanja, ndipo tinakhala choncho kanthawi ndithu. Nthawi imeneyo yokha ndiyo sindinaiwerenge. Sipoko yekha ndiye anati aphunzitsi lero atsalira kusesa m'kalasi, ndipo mpaka pano ndikamadutsa pakona amandionetsa zala zisanu ndi chimodzi.

Atatu oyambirira aitanidwa kumpikisano wina waukulu, masabata asanu ndi awiri akubwerawa. Ndayang'ana pakalendala, ndi Loweruka lachiwiri la tchuthi chako. Fomu yake iyenera kubwezedwa Lolemba pa 16, ndipo ili pamwamba pa firiji yosasainidwa. Kalata yako sindinamubisire, ndinamuwerengera. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iwe ukakana asiya, chifukwa safuna kuti uzigwira ntchito kutali mtima uli m'mwamba. Sanalire, sanadandaule. Koma kope silinama. Lachitatu 49, Lachinayi 50, lero 52. Miyendo ndi yomweyo, msewu ndi womwewo.

Yankho langa ndi ili: njingayo sinditsekera. Kiyi ali pamsomali pake, ndipo akhala pomwepo. Mantha ako sindikuwapeputsa, ndi mantha a munthu wokonda mnzake, ndipo ine ndikuwadziwa kuposa iwe chifukwa ndinawayeza. Anga anatenga masekondi osakwana khumi, n'kumulanda malo oyamba amene anawagwirira ntchito miyezi isanu ndi inayi. Ako usalole kuti amulande njinga yonse.

Ndikukupempha ziwiri zokha. Choyamba, muimbire foni lisanafike Lolemba lija. Usayambe ndi chigongono, chinapola kalekale. Umufunse mmene amatsikira pamiyala, ndipo umvetsere mawu ake akamafotokoza. Ukatero ukanenabe kuti ayi, udzakhala wakana chinthu chimene wachimva, osati chithunzi. Chachiwiri, ubwere udzakhale nane pambali pa kanjirako. Ndikudzidziwa, ndidzatsinzinanso. Pakufunika wina woti maso ake akhale otsegula, ndipo iwe masamu unkakhoza, kupatula chaka chija unkathawa m'kalasi mwanga.

Undiperekere moni kwa anzako akuntchito, makamaka uja anakuperekeza kuchipatala pamene unadwala. Mlongo wako ndamuuza kuti ulendo wina azijambula munthu yense, osati chigongono chokha, ndipo akupereka moni mwamanyazi. Mkazi wako sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Mulungu akusunge pogona ndi podzuka, akubweze kwathu uli wamphumphu.

Ukagwedeza envulopuyi mugwa batani lakuda. Ndi lomwe lija linatsalira kumanzere. Kuno atsala asanu, ndipo asanu sakwana mpikisano. Ubwere nalo.

Ndine mayi ako wokukonda,
Mphunzitsi wopuma uja, amene analakwa kamodzi.