Mapiritsi a Amayi Asintha Mtundu

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako pamodzi ndi banja lonse. Ife kuno kunja ku Woolwich tilipo, kupatula mlongo wanu amene wanyanyala mankhwala a BP.

Mwezi uno kufamase anawapatsa mapiritsi oyera m'malo mwa achikasu amene anazolowera. Amayi anawakankhira pakauntala. "Mwanawe, awa ndi amutu. Ndipatse anga."

Wamankhwalayo anafotokoza modekha kuti boma limabwezera eni famase mtengo umene laika lokha, ngakhale iwo atagula modula. Ndiye amaoda kukampani imene yatchipitsa mwezi umenewo, koma mankhwala ake ndi omwewo.

Amayi anati, "Ndiye mtima wangawu mukuunenerera ngati tomato wapamsika?"

Kunyumba ndinawaonetsa kuti dzina ndi mlingo sizinasinthe. Akuti sukulu inandipitirira. Makina oyezera akuonetsa kuti BP yakwera, iwo akuti makinawonso ndi otchipa.

Chonde aimbireni, poti inu amakumverani. Za boma musayambe, ndalephera kale ine. Akafunsa mtundu wa mapiritsi anu a BP, ndikudziwa kuti ndi ofiira, koma muyankhe mwanzeru.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Tadala