Mawaya Awiri a pa Njinga ya Alamu

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Bondo lija likukulolani kugwada pansi pa galimoto, kapena tsopano mwavomera zomangoloza ndi chala ena n'kumagwira? Nanga chifuwa cha amayi chinasiya? Kuno tonse tili moyo, ine, achemwali, alamu ndi ana. Kukutentha koopsa, phula la mumsewu likuchita kumata nsapato, ndipo madzi a pampopi akubwera akafuna okha. Koma si za dzuwa zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni m'pamene pakamwa panga panandilakwitsa. Mukukumbukira tsiku lija ndinaimba n'kukuuzani kuti alamu awaimitsa ntchito chifukwa chowononga njinga yamoto ya kampani. Ndinamva amayi akuyankhulira chapatali kuti iwo anaona kale kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wosasamala, ndipo ine sindinawaletse, ndinaseka nawo. Bambo, zimene ndinanena zija sizinali zoona. Amene analakwitsa njinga ija si alamu ayi, ndine. Ndikulemba izi manyazi atandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Ndiyambe poyambira. Mukudziwa kuti ntchito ya pagalaja ya kampani yonyamula katunduyi anandipezera ndi alamu omwewa. Anapita okha kwa akapitawo n'kukanena kuti ali ndi mlamu wawo amene anakulira pansi pa galimoto, mwana wa makaniko weniweni. Mukudziwanso kuti ndimagona pabalaza pawo, kuseri kwa sofa, ndipo sanadandaulepo. Anzawo kuntchito amawatcha a Phee, chifukwa munthuyu ngakhale umuponde phazi amayamba ndiye kupepesa.

Njinga za kuno si zija ndinazolowera kwathu zozizira ndi mphepo yokha. Izi zili ndi madzi ndi rediyeta ngati galimoto, ndipo kuseri kwa rediyetayo kuli kafani kakang'ono. Kafaniko sikazungulira nthawi zonse. Kamadikira injini itenthe, kenako kamayaka n'kumakoka mphepo kuchokera kutsogolo kuti idutse m'rediyeta.

Tsiku lina alamu anabwera nayo njinga yawo akuti fani sikuyaka. Nditayang'ana ndinapeza kuti pulagi yolumikiza mawaya a faniyo yasungunuka. Ina inalibepo, ndipo njinga zodikira zinali mbwee. Ndinangodula pulagiyo, n'kulumikiza mawaya awiriwo, n'kukulunga tepi. Onse awiri anali bii ndi oilo ndi fumbi, ndipo kansanza kanali m'thumba mwanga momwemu, koma sindinawapukute kuti ndione mitundu yake. Ndinaliza injini, n'kudikira, fani n'kuyamba kulira. Ndinamenya chishalo ndi chikhatho n'kuwauza alamu kuti apite, asadzabwerenso.

Anabweranso, akuikankha, thukuta lili kamukamu. Anati akangolowa mumsewu wothithikana magalimoto, pamene munthu amayenda pang'onopang'ono, getsi lofiira likuyaka, kenako madzi akuwira mpaka nthunzi kutuluka pakati pa miyendo yawo. Ndinachita zonse zimene munandiphunzitsa. Ndinadikira izizire, ndinaona madzi, ndinaona chitsekero cha rediyeta, ndinafinya mapaipi kufuna podontha, ndinazula fyuzi n'kuiunika padzuwa. Zonse zinali bwino. Nditailiza ili chiimire m'galajamo, fani inayaka pa nthawi yake ndipo getsi lofiira silinaoneke. Zinachitika choncho kangapo, iwo kubwera akukankha, ine kuwabweza ndikupukusa mutu. Katundu wa anthu anayamba kufika mochedwa, madandaulo n'kuyamba kugwa ku ofesi.

Akapitawo anatiitana tonse awiri pafupi ndi njingayo n'kundifunsa kuti vuto lili pati. Apa m'pamene ndikanangonena kuti sindinalipezebe. Koma oyendetsa ena anali ataima pomwepo akumvetsera, ndipo ine ndinali nditazolowera kutchedwa katswiri. Ndinayankha mokweza kuti onse amve.

“Njingayi ilibe vuto, bwana. Mvetserani nokha faniyo. Vuto ndi dzanja la woyendetsa.”

Ndinawonjezanso kuti alamu amakakamira giya yotsika n'kumagwirira kilachi mpaka injini kupsa mtima. Alamu anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mlamu, ine giya ndimaidziwa.” Akapitawo anawalanda makiyi n'kuwauza kuti akakhale kunyumba mpaka adzaitanidwe, ngati adzaitanidwe n'komwe.

Masiku otsatirawo ndimavutika kuwafotokoza. Munthu wamkulu, bambo wa ana, ankatsala pakhomo akuchapa mayunifolomu a ana ake, azimayi oyandikana nawo akusuzumira pampanda. Achemwali anakhulupirira ine, mlongo wawo, ndipo khoma la chipinda chawo ndi lopyapyala. Ndinamva akuwafunsa alamu kuti ana adya chiyani akachotsedwa, ndiponso kuti ngakhale amayi anena kuti anachenjeza kale. M'mawa mwake alamu anandithira madzi osamba m'bafa monga mwa masiku onse, ine n'kusamba osamva kanthu.

Njinga ija anaipereka kwa woyendetsa wina wakalekale pakampanipo, amene timamutcha Wamtali. Nayenso inamuwirira pakati pa msewu, ndipo anabwera akutukwana, nsapato zitanyowa. Akapitawo anandiuza kuti ndimasule injini yonse ndione ngati alamu sanaipsereze m'kati. Ndisanagwire sipanala ndinati ndiilizenso kamodzi. Ndinanjuta kutsogolo kwake, kansanza kanga kaja nditakakoleka pa waya wotchinga rediyeta. Fani itayaka, kansanzako kanayamba kukupiza kundilozera ine, ndipo mpweya wotentha unandiwomba kumaso.

Nthawi yomweyo ndinakuonani inu, Bambo, ndi nthenga ya nkhuku ija mumaitsomeka kukhutu. Ndili wamng'ono inkandichititsa manyazi pamaso pa makasitomala, ndipo ndinkauza anzanga kuti ndi yotokosera m'khutu. Inu munkangoiika patsogolo pa rediyeta osanena kanthu, kuona ngati ikukokedwa kapena ikukankhidwa. Kudenga la galaja yathu kumagona nkhunda, nthenga zili ponseponse. Ndinatola imodzi n'kuiika pamenepo. Inauluka n'kudzandigwera pachifuwa.

Fani inkazungulira chambuyo. Ndinali nditasinthanitsa mawaya aja. Njinga ikaima m'galaja, mphepo yopita kolakwikayo inkaziziritsabe pang'ono, n'chifukwa chake ine sindinkaona kanthu. Koma ikamayenda, mphepo ya mumsewu inkafuna kulowa, fani n'kumaibweza, rediyeta n'kutsala yopanda mpweya. Ndinamatula tepi n'kupukuta mawayawo. Wina anali wabuluu, wina wakuda, moti ngakhale mwana akanawasiyanitsa. Nditawabwezera m'malo mwake, nthenga inakakamira pa rediyeta osagwa. Ndinangokhala pansi pa simenti.

Pali chinanso chimene ndikanakonda kuchilumpha, koma ndichinena. Palibe amene anaona zimenezi. Wamtali atakaiyesa njinga n'kubwera akumwetulira, akapitawo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndili ndi manja a bambo anga. Ndinalandira kuyamikako, Bambo. Ndinati zinali zovutirapo koma zatheka, n'kuweruka.

Nditafika kunyumba ndinapeza alamu akusita shati yawo yoyera ija ya ukwati, akuti mawa akayese mwayi wa ulonda pa sitolo ina. Anandifunsa ngati njinga yachira. Nditavomera anasangalala ndithu, akuti inkawamvetsa chisoni chifukwa ndi njinga yabwino.

Kutacha ndinapita kwa akapitawo n'kuwauza zonse. Kenako anaitana oyendetsa onse amene anamva mawu anga oyamba aja, n'kundiuza kuti ndisinthanitsenso mawayawo pamaso pawo, ndiwaonetse ndi nthenga yangayo. Ndinachita, mutu uli zyoli, Wamtali akuseka mpaka kugwira m'mimba. Sanandichotse ntchito, koma bokosi la masipanala andilanda. Panopa ndikutsuka njinga ndi kupopa matayala, ndipo dzina langa latsopano ndi Nkhunda. Sindikudandaula, n'zondiyenera.

Alamu anawabwezera makiyi awo. Ndinawapepesa panja, pafupi ndi mpopi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, “Ndiye si giya eti?” Nditati si giya, anagwedeza mutu n'kundipempha kuti tsiku lina ndidzawaonetse za nthengazo. Akanandimenya mbama bwenzi pano nditapepukidwa.

Achemwali ndiye sakundiyankhula. Mbale amangoiika patebulo maso ali kwina, ndipo ndikudziwa kuti akudzida okha chifukwa cha mawu amene iwo anawayankhulira amuna awo. Anandiuza chinthu chimodzi chokha, ndipo n'chimene chandikhazika pansi kulemba. Akuti mayi a alamu anaimba foni akulira, akufunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo wayamba mowa mpaka kuotcha njinga ya eni ake. Nkhani ija inachoka pakhomo pathu n'kumakula m'njira, ndipo inawapeza mayiwo kumaliro, pakati pa azimayi anzawo. Ntchito yabwerera, koma kumeneko dzina la alamu lidakali pansi, ndipo woligwetsa ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge kalata ino, mupite nayo kwa mayi a alamu pamodzi ndi amayi. Musatume munthu, ndipo musangowauza kuti zinatha bwino. Muwawerengere yonse mokweza, osalumpha ndime ya kuyamikidwa kuja, ndipo ngati pakhondepo pali anthu ena musadikire kuti achoke. Ndikudziwa kuti amayi ziwavuta, chifukwa mawu ena anatuluka pakamwa pawo, koma muwauze kuti woyamba kulakwa ndine, iwo anangokhulupirira mwana wawo. Ndikudziwanso kuti inu mudzachita manyazi kuwerenga kuti mwana amene munamuphunzitsa nokha analephera kupukuta mawaya awiri. Mundikhululukire pokusenzetsani zimenezi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali ndi ana awo, kwa amalume, ndi kwa achimwene ndi akazi awo. Adzukulu anu akukupatsani moni, wamkulu uja wayamba kuwerenga zikwangwani za m'misewu ndipo satipatsa mpata. Nthenga musanditumizire, ndili nayo kukhutu pamene ndikulemba pano.

Alamu andiona ndikulemba ndipo afunsa kuti ndi ya ndani. Nditawauza zimene ndikukupemphani, ati ndisakuvutitseni, kwa mayi awo n'kutali ndipo bondo lanu silili bwino. Chonde Bambo, pa ichi chokha musawamvere.

Ndine mwana wanu mzime,
Wotsuka njinga