Mawu Anga Ali m'Mafoni a Anthu

Malemia,
Domasi.
9 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Malcolm,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kalatayi ndapatsira a Aufi oyendetsa thiraki aja, ndipo alonjeza kuti aipereka m'manja mwanu. Mudabwa kuti masiku ano munthu n'kulemba kalata foni ilipo. Foni ndinazimitsa, simu ndinachotsa. Ngakhale mukanandipeza sindikanatha kuyankhula, chifukwa mawu angawa ndi amene andiika m'mavuto.

Kuno mvula yoyamba yagwa, anthu ayamba kubzala. Ife munda wakumtunda tamaliza mizere, koma kudimba la mpunga sitinapondeko. Mwina mwamva kale chifukwa chake, paja za pa WhatsApp sizichedwa kuwoloka malire. Ngati mwamva, mwamva zokhota. Ndiloleni ndikuuzeni ndekha.

Mukumukumbukira Khalid, mwana wa a Imran ogulitsa nsalu pamsika? Ali ndi kashopu koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi, ndipo mafilimu ena amawamasulira m'Chichewa, yekha kuyankhula mbali zonse, za amuna ndi za akazi zomwe. Mwezi wa Juni anandiimitsa ndikuchokera ku kwaya. Anati wapeza katuni ya ku Japan, zija achinyamata amati anime, koma muli mzimayi wina amene walephera kumuyankhulira.

"Ndikayesa ndikumveka ngati mbuzi ya chimfine," anatero. "Iwe mawu uli nawo. Bwera udzangoyesa."

Ndinamufunsa ngati zinali zoyenera munthu wa kwaya. Sanandibisire, pamenepo ndisamunamizire. Anati katuniyo inachokera ku gemu ya pa kompyuta ya anthu akuluakulu okhaokha, yowerenga nkhani n'kumasankha zochita, ndipo m'gemumo muli zithunzi zolaula. Koma anati okonza katuni zimenezo anazichotsa, anangosiya nthabwala zake. Ndinaonera pang'ono pa laputopu yake, ndipo zinalidi choncho.

Nkhani yake ndi ya tauni ina imene mkulu wake anatsegula ofesi yoyang'anira chikondi. Aliyense wofuna kufunsira mnzake ayenera kukaima pamzere kuti amudindire chilolezo. Mkuluyo masana amadzudzula anthu za kusadzisunga, koma madzulo amakagogoda pakhomo pa mayi wina wamasiye wogulitsa mowa. Mayiyo samutsegulira, amangomunyoza ali pawindo. Mayi ameneyo ndinali ine.

Achimwene, ntchitoyo ndinaikonda. Tinkajambula Loweruka masana m'kachipinda kotchinga ndi mabulangete kuti phokoso la chigayo lisalowe. Khalid ankandiuza zomwe mayiyo akunena, kenako amvekere, "Za ku Japan zisiye, yankhula ngati uli pa mjigo." Inu mukudziwa mmene sukulu inandikanira. Chibadwire sindinagwirepo chinthu chimene ndinamva mumtima kuti ichi ndiye ndachidziwa, kupatula chimenechi.

Pali malo ena pamene mayi wamasiyeyo amayerekeza kayankhulidwe ka mkulu wa tauni uja. Nditafika pamenepo ndinatsokomola kawiri, n'kunena ndi mawu aakulu kuti, "Zonse mwadongosolo, abale anga, mwadongosolo." Mwadziwa kale mwini wake. Ndi a Makwinja, mkulu wa mpingo wathu, bambo ake a Takondwa, yemwe uja munavomera kuti andimange chinkhoswe mwezi wa mawa. Khalid anaseka mpaka kugwa pampando, ndipo anatenga katsokomoledwe komweko n'kukapereka kwa mkulu wa tauniyo m'magawo onse.

Pofika Ogasiti katuniyo inali paliponse, m'mavidiyo shoo a pa Songani, ku Malosa, mpaka ku Liwonde akuti inafika. Makondakitala a minibasi anayamba kuitanira anthu kuti akwere mwadongosolo, abale anga. Ana a sukulu ankathamangira njinga ya a Makwinja akutsokomola kawirikawiri. Lamulungu lina ataimirira kuti awerenge zolengeza, anatsokomola monga mwa chizolowezi chawo, ndipo achinyamata a mabenchi akumbuyo anaphulika ndi phwete. Bambo aja anayang'ana mpingo, anapinda pepala lawo n'kukhala pansi osamaliza. Ine ndinali pa benchi ya kwaya nditavala yunifolomu.

Zikanathera pamenepo ndikanapirira. Koma wina, mpaka lero sindikumudziwa, anakafukula zithunzi za m'gemu muja, za mayi yemweyo ali mbulanda, n'kuikapo mawu anga ndi kuseka kwanga. Analembapo dzina langa ndi la mudzi wathu. N'zojambula pamanja, achimwene, mzimayi wake tsitsi lobiriwira, maso ngati mbale. Palibe amene anganene kuti ndi thupi langa. Koma amuna pamsika amandiyang'ana ngati andiona. Kusukulu ya mkaka kumene ndinkathandiza kuja anandiuza kuti ndiyambe ndapuma, makolo akudandaula. Amayi anaonetsedwa zithunzizo pamaliro, akuphika ndi anzawo a Mvano. Anabwera kunyumba osavala nsapato, atazisiya konko. Anangondifunsa funso limodzi.

"Mawu aja ndi ako?"

Ndinati ndi anga, koma zithunzizo si ine ndinaika. Anati, "Ndafunsa za mawu." Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Chakudya amandisiyira pampando atavindikira.

Tsopano ndifike pa chimene chikundisowetsa tulo. Mukuwadziwa mayi Eliza, amasiye aja a kufupi ndi madimba, ogulitsa mandasi. Denga lawo litasasuka ndi mphepo chaka chatha, a Makwinja ndi amene anatsogolera abambo a mpingo kukalikonza, ndipo anapitako kangapo kukaona ngati likudontha. Anthu alumikiza. Akuti katuni ija si nthabwala, akuti Eluby amadziwa za m'nyumba ya apongozi ake ndipo wamasiye wa pawindo uja ndi mayi Eliza. Sabata yatha achemwali awo a mayi Makwinja anawapeza pamsika, anawatayira beseni la mandasi m'matope n'kuwavula chitenje anthu akuona. Mwana wamkazi wa mayi Eliza wasiya kupita kusukulu chifukwa anzake amagogoda pa desiki yake.

Mayi Eliza anabwera kwathu. Anakana mphasa, anaima pabwalo.

"Iwe mwana, ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe, mayi. M'katuni muja si inu. Anajambula ndi anthu a ku Japan, sakukudziwani n'komwe."

"A ku Japan amamudziwa Makwinja?"

Mayi Eliza anapitiriza ali chiimire.

"Amuna anga anamwalira ndili ndi dzina labwino," anatero. "Ndi chokhacho anandisiyira. Pita ukawauze anthu kuti si ine."

"Ndikauze ndani, mayi? Zili m'foni ya aliyense."

"Mmene unkaziika m'mafonimo unandifunsa?"

Ndinayesa, achimwene. Ndinapita kwa Khalid. Shopu bambo ake anamutsekera, ndiye tinajambulira kuseri kwa nyumba yawo, ine ndikufotokoza poyera kuti a Makwinja sindinawaonepo pakhomo pa munthu, kuti mayi Eliza alibe mlandu. Anatumiza m'magulu onse a pa WhatsApp amene ali nawo. Palibe anagawira mnzake. Amene anayankha ankafunsa kuti magawo otsatira atuluka liti.

Kenako ndinapita kwa a Makwinja. Ndinawapeza akupopa njinga pakhonde. Ndinagwada pansi pa masitepe. Sanakalipe, mwina zikanandipepukira akanakalipa. Aonda kwambiri.

"Ndaionera yonse," anatero. "Ndinabwereka foni ya Takondwa. Uli ndi luso, mwana wanga, ngakhale ine ndinadzimva. Tandiuza, unandiona ndikugogoda kwa ndani?"

"Kwa aliyense ayi, bambo."

"Nanga chifuwa changachi chinakulakwira chiyani?"

Ndinawauza kuti zinangotuluka pakamwa. Ndi zomwe ndauza aliyense, ndipo ndimafuna ndikuuzeni zomwezo inunso. Koma ndinu nokha amene mungamvetse, ndiye ndinena zoona. Sizinangotuluka. Mukukumbukira m'mawa umene bambo anamwalira, inu ndi ine titapita kukapempha kuti kwaya idzaimbe pamaliro? A Makwinja anati bambo anali ataimitsidwa chifukwa cha mowa, ndiye mpingo sungavale yunifolomu. Inu munawachonderera mutagwira chipewa m'manja. Iwo anatsokomola kawiri n'kunena mawu omwe aja. Tinawaika bambo popanda nyimbo. Ndinkaganiza kuti ndinakhululuka. Ndinaimba m'kwaya yawo, ndinakonda mwana wawo. Koma nditaima pa maikolofoni paja, Khalid atandiuza kuti ndiyerekeze munthu wamkulu wouma mtima, mawu awo ndi amene anabwera, ndipo ndinawamva kukoma. Khalid atandifunsa ngati tifufute, ndinati azisiye momwemo.

Ndinkafuna anthu awaseke pang'ono pokha. Za mayi Eliza sindinaziganizepo, Mulungu ndi mboni.

Takondwa sanandikane, komanso sanandilandire. Anandidikira panjira ya kuchigayo, sanatsike n'komwe panjinga. Anati za zithunzi zija sakuzitenga, akudziwa kuti si ine. "Koma Eluby, ndikakutenga lero, anthu anena kuti ngakhale mwana wawo wavomereza kuti bambo amagogoda. Undiuze ndichite bwanji." Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Anakhala kanthawi akuliza belu la njinga pang'onopang'ono ndi chala, kenako anapita. Sanabwerenso.

Ankhoswe a kwawo atumiza uthenga kuti tikumane Loweruka lomaliza la mwezi uno. Mawa lake, Lamulungu, akulu a mpingo andilola kuti ndiime kutsogolo ndiyankhule, popeza ndinapempha ndekha. Za chinkhoswe ndasiya kuziwerengera, zikatha zatha. Za kwaya ndi za ntchito chimodzimodzi. Chimene ndikufuna ndi choti mpingo wonse umve kuchokera pakamwa panga kuti mayi Eliza ndi a Makwinja alibe chifukwa, ndipo ndinene chimene chinandichititsa, ngakhale chikhudza maliro a bambo. Akulu ati ndibwere ndi wachibale woima nane. Amalume akana, akuti za makatuni sazidziwa ndipo sakufuna kuzidziwa. Amayi sindingawapemphe.

Ndiye ndatsala ndi inu. Ndikudziwa kuti ndi kutali, ndikudziwa kuti abwana anu savomera tchuthi chamwadzidzidzi, ndipo alamu ali ndi khanda. Sindinakupempheni kanthu chichokereni, ngakhale chaka chija amayi anagonekedwa m'chipatala tinakubisirani kuti musavutike. Lero ndikupempha. Bwerani, achimwene. Mbumbayi ndi yanu. Simukuyenera kundiikira kumbuyo kapena kunena kuti sindinalakwe. Mukafuna mudzandikalipire pamaso pa onse. Mudzangoima pambali panga, chifukwa anyamata a mabenchi akumbuyo aja amakuopani, ambiri munawaphunzitsa mpira. Ndikadzaima ndekha, ndikuopa kuti ndikangotsegula pakamwa adzamva mayi wa pawindo uja, ndipo adzayamba kuseka ndisanafike pa dzina la mayi Eliza.

Ngati zakanika ndithu, a Aufi abwerera kuno isanathe sabata ya mawa, muwapatse yankho ngakhale la pakamwa. Ndidzaimabe. Zikadzatha mundiuze ngati kwanuko kuli pangodya poti munthu angayale mphasa kwa miyezi ingapo, kumene mawu anga sakuwadziwa. Kulera mwana ndimatha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndachita manyazi kuwalembera paokha. Kamwanako mukapsompsone, ndikumva kuti kayamba kukwawa. Anzanu a mpira amakufunsani, kapena ndinene kuti ankakufunsani nthawi imene ndinkatha kudutsa pabwalo paja.

Moni wa amayi ndilibe woti ndikupatsireni, sindikufuna kunama. Dzulo anandipeza ndikulemba pakhonde, anayang'ana pepalali mpaka anaona dzina lanu pamwamba, n'kudutsa. Koma m'mawa uno ndadzuka ndapeza atsegula chipinda chanu chija, asesamo, ndipo bulangete lanu aliyanika pachingwe.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Eluby