Mwana Wanga Ali ku Kanyama

Chawama, Lusaka

Okondedwa akulu anga amake Silas,

Landirani moni, inu ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Katete. Kodi msana uja wakulekani? Ndamva kuti minda mwatha kusosa, mukungodikira mvula. Kuno thupi lili bwino, ndipo zitenje za ku Kamwala zikugulika pang'onopang'ono monga kale. Koma mtima suli m'malo. Pa foni ndikanangolira osamaliza nkhani, n'chifukwa chake ndalemba.

Nkhani ndi ya mwana wanu Towela. Mukudziwa kuti akumaliza ku yunivesite, ndipo akuchita kafukufuku wa madzi osefukira m'makomboni. Amayenda ndi anzake khomo ndi khomo, kuyeza pakhoma pamene madzi anafika chaka chatha, kufunsa zimene anthu amachita zimbudzi zikasefukira, ndi kuona amene angathe kuthawa ndi amene sangathe. Poyamba ndinkanyada. Aliyense wogula chitenje ndinkamuuza, ngakhale asanandifunse.

Makomboni ndi ambiri mu Lusaka muno, akulu. Kuli George, kuli Matero, ngakhale kuno ku Chawama madzi amativuta. Iye anasankha Kanyama, ndipo m'Kanyamamo anasankha chigawo chomwe muli nyumba ya malemu atate ake.

Nyumbayo mukuidziwa. Njerwa zake ndinaumba ine ndi a Fanwell, Towela ali kumsana. Munabwera nokha kudzanditenga tsiku limene anandiuza kuti ndichoke chifukwa akulowetsamo ba Kafula. Kuyambira pamenepo sindinapondeko. Mkaziyo akali momwemo, yekha, wopanda mwana, miyendo itatupa ndi matenda a shuga.

Towela anayamba kubwera mochedwa, nsapato zili matope. Ndikamupatsa chakudya ankati wadya kale. Nditafunsa kuti wadya kuti, anati kwa ba Kafula, akunena mosavuta ngati akutchula dzina la sitolo. Kenako anayamba kugona komweko, akuti ntchito imayamba m'mamawa ndipo minibasi zimachedwetsa. Tsiku lina ndinapeza majombo atsopano m'chikwama chake. Ndinawayesa, ndikuganiza kuti wandikumbukira poti nane ndimaponda matope popita kumsika. Anandithina. Iye anaseka n'kunena kuti si anga, ndi a ba Kafula.

Sabata yatha anandiitana ku msonkhano m'holo ya tchalitchi ku Kanyama, kumene amafotokozera anthu zimene apeza. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinamanga duku bwinobwino. Analankhula bwino mwana wanu, akuluakulu ali chete. Anati pansi pa Kanyama pali mwala, madzi alibe kolowera, ndipo amene amavutika kwambiri ndi okalamba ndi odwala okhala okha. Kenako anaonetsa pakhoma chithunzi cha mayi ataima m'madzi ofika m'mawondo, atasenza wailesi pamutu. Anati, aba ni bamama banga, ba Kafula.

Anthu anaomba m'manja. Mayi amene ndinakhala naye pabenchi anandigwira pamkono n'kunena kuti mkazi uja anabala mwana wanzeru. Ndinangoti inde. Ndinatuluka msonkhano usanathe.

Atabwera kunyumba ndinamufunsa ngati ine ndinafa. Anati mkazi wa atate ako ndi mayi ako, ndipo ndinamuphunzitsa zimenezi ndine. Kenako, osadikira n'komwe kuti mtima wanga utsike, anandiuza kuti khoma la kuseri la nyumbayo lang'ambika kuyambira pansi mpaka padenga, ndipo silipirira mvula ina. Anandipempha chipinda changa chosungiramo katundu kuti ba Kafula adzakhalemo mpaka madzi ataphwa.

Ndinakana. Ndinati amene anandilanda nyumba akhale nayo, ndi madzi ake omwe. Towela sanakangane nane. Analongedza zovala n'kunena kuti ngati ndi choncho iye akakhala nawo dzinja lonse, chifukwa madzi akalowa pafunika wina wowanyamula.

Dzulo ndinapitako, akulu. Ndinkafuna kukamutenga mwana wanga, koma ndinapeza atapita kukayeza ngalande. Nyumba ija yatitimira, khomo lili pansi kuposa msewu. Mng'alu ndinauona, dzanja langa limalowa. Pachingwe panali bulangete limene ndinamugulira Towela popita ku yunivesite.

Ba Kafula anali pampando, miyendo ili m'beseni. Wakalamba kuposa ine, koma pakamwa sipanakalambe. Anandipatsa moni ngati tinaonana dzana. Anati asanandiuze chilichonse ndidziwe kuti sanapemphe chipinda changa, ndipo ndi bwino khoma limugwere kusiyana n'kukafera pakhomo pa Maud. Ndinamuyankha kuti khomalo silisankha, ligwera ndi mwana wanga yemwe.

Ndiye anandifunsa ngati ndakonzeka kulandira abale a Webster. Ndinafunsa kuti Webster ndi ndani. Anati ankaganiza kuti ndikudziwa. Ndi mnyamata wojambula mapu m'gulu lawo lomwelo, akuti wa ku Mtendere. Akufuna kubweretsa akuluakulu ake Khirisimasi isanafike. Wadya kale m'nyumba imeneyo kangapo. Ba Kafula amadziwa ngakhale kuti sadya kapenta.

Ndinabwerera wapansi mpaka kumsewu waukulu osaona kumene ndikuponda. Ine amene ndinagona ndi Towela m'chipatala akudwala chikuku, ine amene ndinapsa ndi dzuwa pamsika kuti aphunzire, ndikumva za mkamwini wanga kwa mkazi ameneyo. Kodi ndine woopsa chotani kuti mwana azikaulula zakukhosi kwina? Mwina n'zoona kuti ndimafulumira kukalipa. Koma uja ali ndi nthawi yomvetsera chifukwa sanavutikepo ndi mwana.

Lero sindinapite kumsika. Ndatulutsa mabelo onse a zitenje m'chipinda chija, ndasesa, ndakolopa. Ndalankhula ndi mnyamata wa kagalimoto kuti Loweruka tikamutenge mkazi uja, afune asafune. Ndikamuuza kuti akakana, magazi a Towela adzakhala pamutu pake.

Musandiyamikire, chifukwa si chifundo. Kwa abusa ndikhoza kunama, koma kwa inu ayi. Ndikufuna kuti pamene Towela akumusambitsa miyendo azichitira pakhomo panga, ine ndikuona. Akamanong'onezana, ndizimva kuseri kwa khoma. Ndipo a kwa Webster akamabwera, adzagogode pachitseko changa.

Pempho langa ndi ili: bwerani. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yobzala, koma Silas ndi mkazi wake angathe kugwira munda. Bwerani mudzakhale pakati pathu, chifukwa ndikakhala naye awiriwiri ndidzanena mawu amene adzathamangitsa mwana wanga mpaka kalekale. Pa tsiku la alendowo mudzakhale pafupi nane. Towela akadzati awa ndi amayi anga n'kuloza tonse awiri, mudzanditsine kuti ndisatsegule pakamwa.

Kumwamba kwayamba kuda cha ku Kafue, ndipo mwana wanga agonanso pansi pa khoma lija mpaka Loweruka. Mutipempherere kuti mvula idikire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Silas ndi apongozi anu, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. Za Webster musawauze kaye, poti ngakhale ine mwini mwana sindinauzidwe. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni ulendo wabwino.

Ndine mng'ono wanu,
Maud, amake Towela