Dothi la Kudambo la Esiteti

Chamama, Kasungu
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Patrick,

Ndikhulupirira muli bwino kunyanja yamchereko. Kuno dzuwa laswa mtengo, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya.

A Jafar, dalaivala wa lole uja, akupatsirani kalatayi pamodzi ndi mabotolo atatu a matope. Musaseke. Ndikudziwa kuti mutabwera chaka chatha ndinkakunyogodolani kuti sukulu yonse ija yathera pokumba matope m'mphepete mwa nyanja ngati nkhanu. Koma mawu anu ndinawasunga. Munati matope akuda, odzaza masamba owola, amagwira tizitsulo tosaoneka ndi maso, monga mtovu ndi mkuwa, n'kutisunga zaka zambirimbiri.

Awa ndakumba kudambo la kumunsi kwa esiteti imene alamu anu a Frazer ali kapitawo. Kumeneko amatsukirako zopopera mankhwala, amatayako mabatire akutha a mathirakitala. Komwekonso ndi kumene ife azimayi tikakhala oyembekezera timakumba dothi lodya, poti ndi losalala, lopanda mchenga.

Tsono ndiulule. Ndili ndi pakati pa Elube ndinadya dothi limeneli miyezi isanu ndi iwiri, tsiku ndi tsiku, lowamba pamoto. Kusikelo anatiletsa, ine n'kumamangirira pamfundo ya chitenje. Lero Elube ali ndi zaka zinayi, sanatchulepo ngakhale "amama". Apongozi akuti ndi ufiti. Kaya. Koma ana ena awiri m'mudzi muno ali chimodzimodzi, ndipo dzana ndinapeza Goodness, mtsikana wa mimba yoyamba, akukumba pomwepo, kukamwa kuli bii.

A Frazer ataona mabotolowa anakalipa. Amvekere, "Ukufuna undichotsetse ntchito? Matopewa akatuluka m'nyumba muno, nawenso utuluke."

Ine ndinati, "Bambo a Elube, ntchito mudzapeza ina. Nanga mwanayu mawu mudzamugulira kuti?"

Mwamunayu ndimamukonda, achimwene, ndipo si woipa mtima ayi, ndi mantha chabe. Koma ndatopa nako kukhala duu, anzanga akudya zomwezo ine ndikuona.

Inu ndinu mwini mbumba. Yezani matopewa ndi makina omwewo amene mumayezera a kunyanja. Zimene mupeze mulembe m'Chichewa chomveka, ndikawerenge ndekha kusikelo pamaso pa azimayi onse, eni esiteti amve, akwiye ngati akufuna. Ndipo musandinyengerere. Ngati ndine ndinamutseka pakamwa mwana wanga ndi dzanja langali, nenani choncho. Ndilira, ndikatha kulira ndikaima padambopo mpaka pasapezeke wokumba.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana. A Frazer sanapereke moni, ndipo sindiwanamizira. Yankho mutumize kwa amayi ku Nkhamenya, poti ine ndi Elube tikwera matola opita kumeneko mawa m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
Dorika