A Chipewa ndi Ntchito za Zimbudzi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja udakatupabe, kapena waphwa? Ine kuno ndili gwa, makutu okha ndiwo atopa ndi foni.

Munafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Kampani yathu imakonza mipope ndi zimbudzi m'nyumba za anthu. Ine ndimakhala m'kachipinda ka pamwamba pa galaja. Patsogolo panga pali kompyuta yoonetsa mapu a tauni yonse, ndipo galimoto yathu iliyonse imaoneka ngati kadontho koyenda. Munthu akaimba, ndimalemba vuto lake ndi komwe ali. Kompyuta imayang'ana pulambala amene ali pafupi, ngati watsala pang'ono kumaliza komwe ali, komanso ngati ali ndi zida zoyenera, kenako imanditchulira dzina. Ndikavomereza, uthenga umagwa pa foni yake. Nyumba imene ikusefukira madzi imadumpha mzere, mpope wongodontha umadikira.

Komatu ntchitoyi inatsala pang'ono kundipulumuka. Pali pulambala wina wachikulire, timawatchula a Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pakudya. Zimbudzi zonse zotsekeka zinkagwera iwo. Tsiku lina anakwera masitepe ovololo ili yonyowa, fungo lili patsogolo, n'kukandinenera kwa abwana kuti ndimadana nawo, ati ntchito zaukhondo ndimapatsa anyamata ondisekerera. Apo n'kuti ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Achemwali, ndinadziona ndili pa basi yobwerera kwathu.

Abwana atandiitana sindinalire ayi. Ndinapempha kuti a Chipewa akhale pampando wanga. Posakhalitsa foni inalira, mayi wina wa pa lesitilanti akudandaula kuti chimbudzi chikubweza. Ndinawauza a Chipewa kuti alembe okha pa kompyuta. Anajompha ndi chala chimodzi mpaka kumaliza, ndipo kompyuta inasiya magalimoto amene anali pafupi n'kutulutsa dzina lawo lomwelo. Anaiyang'anitsitsa, kenako anati, "Ndiye kuti nayonso ikudana nane?"

Ndinawaonetsa chifukwa chake. Makina a waya wautali otsegulira mapaipi analipo amodzi okha pakampani ponse, ndipo ankakhala m'galimoto yawo. Abwana anangokanda mutu, ndipo sabata yomweyo anagula ena n'kuika m'galimoto ina. Tsopano fungo akugawana. A Chipewa sanapepese ndi pakamwa, koma m'mawa mwake ndinapeza fani ya m'chipinda changa, imene inafa kalekale, ikuzungulira. Nditawafunsa anayankha kuti iwo za magetsi sazidziwa, uku akubisa sikuludiraiva m'thumba.

Nkhani yabwino ndi yakuti abwana anena kuti andilemba ntchito yokhazikika, koma akufuna kuona satifiketi yanga ya sekondale. Chonde muifune m'sutikesi ya amayi, pansi pa mabulangete. Muiike mu envulopu yolimba, mupatsire msuweni wathu woyendetsa lole uja akamabwera kuno. Mumuuze asaikhalire ngati muja anachitira ndi zithunzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Amayi muwauze asiye kundidera nkhawa. Mwana wawo uja ankaopa kuyankha mlendo, lero akutuma azibambo a ndevu zawo, ndipo akumapita.

Tsalani bwino,
Ine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi