Zithunzi Zawo mu Kompyuta ya Boma

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima sunakhale pansi.

Ndabwerera ku ntchito koyamba chiikireni maliro a amuna anga. Ndapeza kuti makompyuta athu onse tsopano akuyendetsedwa ndi a ku likulu. Ndili chikhalire, kamuvi ka pa sikirini kanayamba kuyenda kokha, n'kukaima pa foda ya zithunzi za malemu amuna anga za kumunda wa kachewere ku Tsangano. Zithunzizo kulibenso kwina.

Ndinaimbira a Phiri, oyang'anira makompyuta kulikuluko.

"Musade nkhawa, mayi, tikungokonza dongosolo. Pepani ndi zovuta zija."

Za maliro anawauza ndani? Munthuyo sindinamuonepo. Mawu okoma omwewa anauzanso a Nachisale a mu ofesi mwathu, m'mawa mwake kompyuta yawo inalibe kanthu.

Ndayesa kukopera pa fulashi, yakana, anatsekeratu. Anzanga ataweruka ndatsala ndikujambula sikirini ndi foni, chimodzichimodzi. Zatuluka mizeremizere. Batire yatha ndisanafike pa chithunzi chija amuna anga akuseka atasenza thumba. Mawa ndilawirira, kaya ndikachipeza...